Kusankha Mfuti ndi Galasi Lake Posaka Nkhandwe Moitana

Cholinga cha njira imeneyi

M'madera oweta nkhosa ndi mbuzi ku South Africa, makamaka ku Karoo, Free State ndi Eastern Cape, zilombo zimene zimagwira kwambiri ana a ziweto ndi nkhandwe yakuda kumsana ndiponso caracal, mphaka wamkulu wam'tchire wofiirira amene alimi akumeneko amamutcha rooikat. Kusaka moitana ndi njira imene mlenje, m'malo molondola mapazi a chilombo, amabisala pamalo amodzi n'kumaliza mawu onga kulira kwa kalulu wogwidwa, kwa mwana wa nkhosa kapena kwa nkhandwe inzake, kuti chilombocho chibwere chokha. Mawuwo amachokera m'kachitoliro koimba ndi pakamwa kapena m'makina a batire, monga a kampani ya FoxPro, amene amaikidwa chapatali ndi pamene mlenje wakhala. Nkhandwe imene yaphonyedwa kamodzi imachenjera ndipo kawirikawiri sibweranso ikamva mawu omwewo, choncho mfuti ndi galasi lake ziyenera kusankhidwa poganizira kuti mwayi wowombera umakhala umodzi wokha.

Mtundu wa mfuti

Nkhandwe imalemera makilogalamu pakati pa 6 ndi 13 basi, ndipo malo a pachifuwa pake oyenera kulasa sakula kuposa chikhatho cha munthu wamkulu, moti chofunika kwambiri pa mfuti ndi kulondola kwake, osati mphamvu zochuluka. Alenje ambiri amakonda mfuti ya bolt action, imene chipolopolo chilichonse chimalowetsedwa mumpope pokoka ndi kukankha chogwirira chachitsulo ndi dzanja, chifukwa siivuta kusamala ngakhale kumalo a fumbi ndipo imalondola bwino. Tikka T3x, Howa 1500 ndi Remington 700 ndi zina mwa mfuti zodziwika za mtunduwu. Kulondola kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa MOA, umene ndi pafupifupi masentimita 2.9 pa mtunda wa mamita 100, ndipo mfuti imene zipolopolo zake zimagwera pamodzi mkati mwa muyezo umenewu ndi yokwanira pa ntchitoyi. Mpope wonenepa umathandiza mfuti kukhazikika koma umalemetsa, motero umayenera mlenje wokhala pamalo amodzi kapena pagalimoto, pamene woyenda wapansi kuchoka pamalo oitanira kupita pena amapindula ndi mpope wopepuka.

Kukula kwa chipolopolo

Zipolopolo zitatu ndi zimene zimatchulidwa kwambiri pa kusaka moitana kumeneku, ndipo chilichonse chili ndi ubwino ndi zovuta zake. Kulemera kwa chipolopolo kumawerengedwa m'magreni, ndipo magreni 55 ndi pafupifupi magalamu 3.6. Cha .223 Remington cholemera chotero chimachoka mumpope pa liwiro la pafupifupi mamita 990 pa sekondi, chimapezeka mosavuta, sichikwera mtengo kwambiri, ndiponso sichikankha phewa kwambiri, zomwe zimalola mlenje kuona m'galasi pamene chagwera. Cha .22-250 Remington cholemera chimodzimodzi chimapitirira mamita 1,100 pa sekondi, choncho sichitsika msanga pa mtunda wautali, ngakhale kuti kutentha kwa wonga wake wochuluka kumathetsa mpope mofulumira ndipo phokoso lake ndi lalikulu. Cha .243 Winchester, chimene chinayamba kugulitsidwa mu 1955, chimatha kukhala cholemera kufika magreni 100, ndipo kulemerako kumachiteteza kuti chisapatutsidwe kwambiri ndi mphepo ya m'zigwa zopanda mitengo za ku Karoo.

Mkati mwa mpope muli mizere yopota imene imazunguza chipolopolo kuti chiyende molunjika, ndipo nambala monga 1:12 imatanthauza kuti chipolopolo chimazungulira kamodzi pa mainchesi 12 aliwonse. Mpope wa .223 wa 1:12 umagwirizana ndi zipolopolo zopepuka za magreni 55 kutsika pansi, pamene zolemera ndi zazitali zimafuna wa 1:9 kapena 1:8. Zipolopolo zoyenera ndi zimene zimaphwanyika kapena kufutukuka zikalowa m'thupi, popeza zimapha msanga popanda kuzunza nyama, ndipo sizidumpha kwambiri zikagunda mwala kumalo kumene kuli ziweto.

Galasi loyang'anira

Galasi lokwezedwa pamwamba pa mfuti, limene ogulitsa amalitcha scope, ndi limene limafuna ndalama ndi nzeru zochuluka, chifukwa nkhandwe imayankha kwambiri madzulo, usiku ndi mbandakucha. Pa galasi lolembedwa 3-12x56, nambala ziwiri zoyamba zikusonyeza kuti chinthu chingakuzidwe kuyambira katatu mpaka ka 12, ndipo 56 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Kugawa nambala yomalizayi ndi mlingo wa kukuza kumapereka kukula kwa kuwala kofika m'diso, moti galasi la mamilimita 56 lokuza ka 8 limapereka mamilimita 7, amene ndi pafupifupi malire a kutseguka kwa diso la wachinyamata mumdima. Kukuza kwambiri kumachepetsa kuwalako komanso malo ooneka, ndipo popeza chilombo choitanidwa chimatha kutulukira pafupi chikuthamanga, galasi liyenera kusiyidwa pa mlingo wotsika podikira, n'kukwezedwa pokhapokha chikaima patali. Mizere yopingasa yolozera imasowa mumdima, choncho galasi lokhala ndi kadontho kofiira koyaka pakati, kamene kuwala kwake kungachepetsedwe, ndi lothandiza. Zipangizo zoona kutentha kwa thupi zimaulula nyama patali ngakhale kulibe mwezi, koma ndi zokwera mtengo, ndipo kadontho koyera kooneka m'menemo sikanena nthawi zonse kuti ndi nyama yanji.

Kulinganiza ndi kuyeserera

Galasi likamangidwa pa mfuti ndi mphete zolimba, liyenera kulinganizidwa pa malo oyeserera ndi zipolopolo zomwezo zimene zidzapite kutchire. Pa zipolopolo zaliwiro zimenezi, kulinganiza kuti zigwere masentimita 3 kapena 4 pamwamba pa cholinga pa mamita 100 kumachititsa kuti zilase pafupi ndi pakati pa mamita 200, ndipo mlenje sakhalanso ndi ntchito yowerengera pa mitunda imene nkhandwe zoitanidwa zimafikira. Kuyeserera kuchitike ali chikhalire, mfuti itatsamira pa timiyendo tiwiri kapena pa ndodo zopingasa, monga mmene zidzakhalire usiku.

Malamulo ndi chitetezo

Lamulo la ku South Africa la Firearms Control Act la 2000 limafuna kuti mwini mfuti akhale ndi satifiketi yosonyeza kuti anaphunzira kuigwiritsa ntchito, laisensi ya mfuti iliyonse yochokera kupolisi, ndiponso bokosi lachitsulo lokhoma losungiramo mfuti. Satifiketiyo imaperekedwa kwa nzika kapena kwa amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikolo mpaka kalekale, mfundo imene ogwira ntchito m'mafamu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ayenera kuidziwa asanakhudze mfuti ya abwana awo. Kusaka usiku ndi nyali kumayendetsedwa ndi malamulo a chigawo chilichonse, ndipo ku Western Cape chilolezo chimachokera ku CapeNature. Mawu oitanira amakopanso agalu ndi nyama zina, ndipo maso owala mumdima angakhale a aardwolf kapena a bat-eared fox, nyama zodya chiswe zimene sizigwira nkhosa, choncho palibe kuwombera chinthu chisanazindikirike bwino ndiponso kuseri kwake kusanaoneke kuti kulibe munthu, nyumba kapena chiweto.

Kupha nkhandwe mwachisawawa sikuthetsa vuto, chifukwa zina zimalowa m'malo osiyidwawo ndipo zotsala zimayamba kuswana zikadali zazing'ono. Mlimi aliyense akulimbikitsidwa kuika patsogolo mpanda wabwino, khola la usiku, abusa ndi agalu olondera monga a mtundu wa Anatolian, ndipo mfuti aisungire chilombo chimene chatsimikizika kuti ndicho chikugwira ziweto.