Kuwerenga Lipoti la Malonda: Phindu Lili Pati?

Ambiri a ife amene tinaphunzira ulimi pano tsopano tili ndi malonda. Ena timagulitsa mazira ndi nkhuku, ena matimati ndi repu, ndipo ena tinatsegula sitolo ya mbeu, fetereza ndi mankhwala a ziweto. M'masitolo otere makina a POS afala, ndipo ogula ambiri amalipira kudzera pa Airtel Money kapena MTN MoMo. Makina a POS, kapena pulogalamu ya pafoni yolembera malonda, amasunga cimene cagulitsidwa, kuculuka kwake, mtengo wake, nthawi yake ndi njira imene wogula walipirira. Tsiku likatha amatulutsa lipoti. Ambiri timangoyang'ana ndalama zonse zolembedwa pansi pake, n'kuponya kapepalako m'dilowa. Koma lipotilo lingatiyankhe mafunso anai ofunika.

Funso loyamba: n'ciani cimene cimabweretsa phindu? Katundu woyenda msanga si nthawi zonse pamene amatipatsa ndalama zambiri. Tiyerekeze kuti pa mlungu tagulitsa mathireyi 40 a mazira, ndipo pa thireyi iliyonse tatsala ndi K5 titacotsa zimene tinawononga. Phindu lake ndi K200. Mlungu womwewo tagulitsa nkhuku 15 zokha, koma pa iliyonse tatsala ndi K30. Phindu lake ndi K450. Mazira ndiwo atitangwanitsa mlungu wonse, koma ndalama zacokera ku nkhuku. Makina angationetse zimenezi pokhapokha titalowetsamo mtengo weniweni wa katundu aliyense. Pa nkhuku, mtengowo ndi wa anapiye, cakudya cao, katemera wa citopa ndi Gumboro, makala otenthetsera anapiye, mayendedwe, ndiponso nkhuku zimene zinafa tisanagulitse. Tikaiwala zina mwa izi, lipoti lidzationetsa phindu limene kulibe.

Funso laciwiri: anthu amagula liti? Tikaika malipoti a miyezi ingapo pamodzi, tidzaona masiku amene malonda amakwera ndi amene amatsika. Pafupi ndi tauni malonda amakonda kukwera kumapeto kwa mwezi, anchito akalandira malipiro. Kumidzi amakwera anthu akagulitsa cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa ndi thonje, ndipo amatsika mu Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zapepuka. Kudziwa zimenezi kumatithandiza kuwerenga masiku cobwerera m'mbuyo. Nkhuku za mabroila zimakula m'milungu pafupifupi 6. Ngati lipoti la caka catha likuonetsa kuti tinagulitsa kwambiri mlungu wa Khrisimasi, anapiye ayenera kulowa m'khola kuciyambi kwa Novembala. Tikawalowetsa msanga kwambiri, nkhuku zidzadya phindu lathu zikudikira ogula. Tikacedwa, ogula adzapita kwa anzathu. Wa sitolo nayenso aone mwezi umene anthu anayamba kufuna mbeu ndi D Compound, ndi mwezi umene anafuna Urea, kuti asamangirire ndalama zake m'matumba nthawi isanakwane.

Funso lacitatu: n'ciani cimene cangokhala pa shelefu? Lipoti limaonetsanso katundu amene watha milungu osagulidwa. Mbeu yotsala nyengo yobzala itapita, mankhwala a ziweto amene tsiku lao lothera mphamvu layandikira, zonsezi ndi ndalama zogona. Ndi bwino kutsitsako mtengo pamene ogula akadalipo, kusiyana n'kudzataya zonse. Pokapikulanso katundu, titenge wocepa wa mtundu umenewo.

Funso lacinai: kodi katundu, lipoti ndi ndalama zikugwirizana? Ngati m'mawa tinali ndi mathireyi 20 ndipo lipoti likuti tagulitsa 12, madzulo payenera kutsala 8. Tikapeza 7, tifufuze tsiku lomwelo. Tisathamangire kuganizira wanchito kuti waba. Kawirikawiri mazira anasweka, kapena anapita kukhichini ya kunyumba, kapena wacibale anatenga pa nkhongole popanda kulemba. Zonsezi ziyenera kulembedwa, ngakhale zimene tatenga ife eni ake. Ndalama za m'manja tiziwerenge padera, ndipo za pafoni tizifananitse ndi mauthenga otsimikizira malipiro. Malonda ambiri a pabanja amagwa cifukwa ca timabowo ting'onoting'ono totere, timene palibe anatiwerengera.

Pali zinthu zimene tiyenera kusamala nazo. Makina amabweza zimene tawapatsa. Tikamalowetsa zonse pa dzina limodzi lakuti "katundu", lipoti silingasiyanitse mazira ndi fetereza. Malonda ocitika magetsi atazima kapena netiweki itavuta alembedwe m'kabuku, kenako alowetsedwe. Zilembo za pa timapepala ta makinawa zimafufutika pakapita nthawi, makamaka padzuwa, conco ziwerengero za mlungu uliwonse tizikopere m'buku. Komanso lipoti la mlungu umodzi silokwanira kusinthira mitengo kapena kusiya katundu wina, pakuti mvula, maliro kapena tsiku la msika zingasinthe malonda a mlungu wonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomaliza, makina sadziwa za munthu amene anafunsa cinthu n'kubwerera cimanjamanja. Zimene ogula afunsa koma sanazipeze tizilembe tokha kumapeto kwa buku.

Amene tilibe makina tisadzione ngati phunziroli silikutikhudza. Buku la sukulu lokhala ndi mizere isanu likwanira: tsiku, katundu, kuculuka kwake, mtengo wogulitsira, ndi njira yolipirira, kaya ndi ndalama za m'manja, pafoni kapena nkhongole. Cimene makina amationjezera ndi liwiro lowerengera basi.

Nayi nchito ya mwezi uno. Tisankhe tsiku limodzi pa mlungu, tikhale pansi ndi malipoti kapena buku lathu pamodzi ndi amene timagwira nao nchito, ndipo tiyankhe mafunso anaiwa molemba. Ikatha milungu inai, aliyense asankhe cinthu cimodzi coti asinthe: kuonjezera katundu wopindulitsa, kucepetsa wogona, kusuntha tsiku lolowetsa anapiye, kapena kuika malire a nkhongole. Tilembe tsiku limene tasintha, kuti malipoti a mwezi wotsatira adzationetse ngati kusinthako kwabweretsa ndalama.