Kapaketi ka magalamu 11: mmene baking powder wa ku France amafufumitsira keke

Mukamawerenga malangizo ophikira keke a ku France, simuchedwa kukumana ndi mawu akuti un sachet de levure chimique. Sachet ndi kapaketi. Levure, mukafunsa dikishonale, ikuuzani kuti ndi yisiti, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonekera. Munthu amathira yisiti ya mandasi mu keke, n'kuika mu uvuni pompopompo, kekeyo n'kutuluka yolimba ngati njerwa. Mazira, shuga ndi fulawa zapita pachabe.

Chifalansa chimagwiritsa ntchito liwu limodzi pa zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Levure de boulanger ndiyo yisiti yeniyeni: tizamoyo tating'onoting'ono ta mtundu wa bowa, timene timadya shuga n'kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide pang'onopang'ono. N'chifukwa chake wophika mandasi amavundikira beseni n'kudikira ola kapena kuposerapo. Levure chimique ilibe moyo. Ndi baking powder basi, ndipo lero ndikufuna tione zimene zili m'kapaketimo.

Mbiri yake mwachidule

Baking powder sanayambire ku France. Mu 1843, Alfred Bird wa ku Birmingham, England, anapanga ufa wofufumitsa buledi chifukwa mkazi wake ankadwala akadya chakudya cha yisiti. Mu 1893, August Oetker wa ku Bielefeld, Germany, anayamba kugulitsa ufa wotere m'timapaketi toyezeratu, kamodzi kokwanira magalamu 500 a fulawa. Ku France, Émile Moench anayambitsa kampani ya Alsa mu 1897 mumzinda wa Nancy, ndipo kapaketi kake kapinki n'kodziwika m'makhitchini ambiri kumeneko mpaka pano. Kamalemera magalamu 11, ndipo nakonso n'kokwanira magalamu 500 a fulawa. Ndiye Mfalansa akalemba kuti "kapaketi kamodzi", wakuuzani kale muyezo. Ngati baking powder wanu ndi wa m'chitini, magalamu 11 ndi pafupifupi masupuni a tiyi awiri ndi theka, osasefukira.

Zinthu zitatu m'kapaketi kamodzi

Choyamba ndi sodium bicarbonate, NaHCO₃. Imeneyi mukuidziwa: ndi soda yemwe timathira mu therere. Soda ndi alikali wofooka, ndipo ndiye nkhokwe ya mpweya wonse.

Chachiwiri ndi asidi wa ufa. M'timapaketi ta ku France nthawi zambiri amakhala disodium diphosphate, amene pachikutiro amalembedwa kuti E450.

Chachitatu ndi fulawa kapena sitachi. Ntchito yake n'kuyamwa chinyontho ndi kutalikitsa asidi ndi soda kuti asakumane nthawi isanakwane.

Funso limene ndimakonda kufunsa ndi ili: asidi ndi alikali akhala bwanji m'kapaketi kamodzi miyezi yambirimbiri osachita kanthu? Yankho ndi madzi. Zinthu ziwirizi zikakhala zouma, ma ion ake sangayende. Zikasungunuka mumkaka kapena m'mazira, asidi amamasula H⁺, ndipo zimayenda chonchi:

H⁺ + HCO₃⁻ → H₂O + CO₂

Asidi wa diphosphate ndi wochedwa dala. Pozizira amatulutsa mpweya wochepa, koma wambiri umatuluka zosakanizazo zikayamba kutentha mu uvuni, pamene ukufunikadi.

Tiwerengetsere mpweyawo

Mole imodzi ya NaHCO₃ imalemera magalamu 84 ndipo ikakumana ndi asidi wokwanira imatulutsa mole imodzi ya CO₂, yomwe pa kutentha kwa m'chipinda imadzaza malita pafupifupi 24. Tiyerekeze kuti m'kapaketi muli magalamu 3 a soda. Gawani 3 ndi 84, kenako chulukitsani ndi 24. Mupeza malita 0.86. Kaufa kosadzaza n'komwe supuni imodzi, koma mpweya wake wotsala pang'ono kukwana lita. Mu uvuni mpweyawo umatambasukanso chifukwa cha kutentha.

Zimene zimachitika mu uvuni

Mukamatakasa mazira ndi shuga mumalowetsamo timathovu tambirimbiri. Carbon dioxide amalowa m'timathovu timeneti n'kutikulitsa, nthunzi ya madzi n'kuthandizirako. Pamene keke ikukwera, mapuloteni a mazira akulimba ndipo sitachi wa mu fulawa akumwa madzi n'kugwirana. Zikalimba, timathovu tija timasanduka timabowo timene mumationa mukadula keke.

Ndiye ndi mpikisano wa nthawi. Mpweya ukatuluka msanga makoma asanalimbe, umathawa. Mukatsegula chitseko cha uvuni keke isanalimbe pakati, mpweya umazizira n'kufota, keke n'kugwa. Mukachulutsa baking powder poganiza kuti ifufuma kwambiri, timathovu timakula mopitirira, kuphatikizana, kenako kuphulika. Kekeyo imakwera mofulumira, n'kutitimira pakati, ndipo imasiya kukoma kwachilendo pa lilime.

Nanga soda yekha sangakwane?

Akatenthedwa, soda amatulutsadi mpweya ngakhale popanda asidi:

2NaHCO₃ → Na₂CO₃ + H₂O + CO₂

Taonani bwino: ma mole awiri a soda akupereka mole imodzi yokha ya mpweya, kutanthauza theka la zimene asidi akanatulutsa. Chotsalacho, sodium carbonate, ndi alikali wamphamvu kuposa soda, ndipo chimapangitsa chakudya kumveka ngati sopo. Amene munadyako chigumu chochuluka soda mukudziwa zimene ndikunena. Soda amafuna mnzake wowawasa, monga chambiko, yogati kapena madzi a mandimu. Baking powder amabwera ndi asidi wakewake, woyezedwa kale.

Keke imene ana a ku France amayambira

Imatchedwa gâteau au yaourt, keke ya yogati, ndipo safuna sikelo. Kachikho ka yogati ka magalamu 125 ndiko muyezo: kachikho kamodzi ka yogati, tiwiri ta shuga, titatu ta fulawa, theka la mafuta ophikira, mazira atatu, ndi theka la kapaketi ka baking powder. Sakanizani kaye baking powder ndi fulawa zikadali zouma kuti afalikire paliponse. Yogati ali ndi asidi wake, lactic acid, amene amayamba kugwira soda nthawi yomweyo, choncho uvuni ukhale utatentha kale pa madigiri 180 musanasakanize. Imapsa pa mphindi 30 mpaka 35.

Kayeseni nokha

Tengani matambula atatu. M'loyamba ikani theka la supuni ya tiyi ya baking powder n'kuthira madzi ozizira. M'lachiwiri ikani muyezo womwewo koma muthire madzi otentha, mosamala kuti musapse. M'lachitatu ikani soda ndi madzi ozizira, dikirani mphindi imodzi, kenako finyiranimo ndimu. Lembani tambula limene lachita thovu msanga ndi limene linadikira asidi, ndipo mufotokoze chifukwa chake pogwiritsa ntchito ma equation ali pamwambawa.

Tambula lachiwiri lija ndi njiranso yoyesera baking powder wokhalitsa. Akapanda kuchita thovu m'madzi otentha, ndiye kuti chinyontho chinalowa m'chitini ndipo mpweya unatha kalekale. Musawononge naye mazira anu.