Za Fosiforasi m'Munda Wotsetsereka

Mau awa ndi a kwa inu eni nyumba amene minda yanu iri pacitunda cotsikira kudambo. Mudziwa kale kuti munda wotere subala mofanana. Kumtunda cimanga cikhala cacifupi ndi coonda, kunsi cikhala ca msinkhu, ndipo ambiri anena kuti ndi madzi okha acita ici. Madzi alimo ndithu, koma pali cinanso cosaoneka ndi maso.

M'nthaka muli zakudya za mbeu za mitundu mitundu, ndipo cimodzi ca izo ophunzira acicha fosiforasi. Ndiye akulitsa mizu mbeu ikali yaing'ono, nathandiza maso a cimanga ndi mtedza kukhwima. Akasowa, cimanga cipinimbira, ndi masamba ace akunsi afiira moderako m'mphepete, monga khungu la mbatata yofiira. Koma musaweruze ndi tsamba lokha, pakuti cimanga cina cibadwa cotero. Penyaninso msinkhu wace.

Tsono mverani makhalidwe ace, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Cakudya ca mu fetereza wobereketsa cisungunuka nicipita ndi madzi. Fosiforasi satero. Iye amamatira ku dothi, ndipo pamene mwamuika mpomwe akhala. Kuti acoke m'munda, liyenera kucoka dothi lomwe limene wamamatirako. Wocuruka ali m'dothi lapamwamba, mmene muolera masamba ndi mizu, ndipo dothi limenelo ndilo liyamba kukokoloka. Mukaona madzi ofiira alikutsika m'njira mvula itagwa, dziwani kuti fosiforasi wanu ali paulendo.

Titsike citunda pamodzi. Pamwamba kawirikawiri pali katondo. Kufiira kwa katondo ndi kwa citsulo ciri m'dothimo, monga dzimbiri pakhasu. Ndipo citsuloco cigwira fosiforasi kolimba, osamleka, makamaka nthaka ikakhala yowawasa. Cotero iye alimo, koma mizu ingotapako pang'ono, monga mwana aima pa nkhokwe yodzala imene mwini wace waimata. Potsika pang'ono, pamene citunda cipendekeka kwambiri, mpamene pali umphawi woposa, popeza dothi labwino lacokapo caka ndi caka, ndipo khasu lirikukanda nthaka yapansi yosabala. Kunsi, kumene madzi afika atatopa, atula katundu wao. Dothi lace lidera, cimanga nicikondwa. Musanyengedwe ndi mcenga wotuwa umene upezeka m'mphepete mwa madambo ambiri. Umenewo ngwosauka, ungakhale uli kunsi. M'dambo mwenimweni muli makande, ndipo madzi akakhalitsa m'nthaka, citsulo cija cimasula wina wa fosiforasi amene cidagwira. Kutsatana kotere kwa nthaka kucokera pamwamba kufikira kudambo adakulongosola Geoffrey Milne m'caka ca 1935, alikugwira nchito ku Tanganyika, dziko limene lero liri mbali ya Tanzania.

Pali colakwa cimene ticiona pa eni minda ambiri. Ngolo ya manyowa aitula kunsi, poti kumeneko nkumene cimanga cioneka bwino, nati kumtunda nkotha kale. Kumeneko ndiko kuonjezera wokhuta ndi kumana wanjala. Ndipo kumbukirani kuti pogawa munda, mwana wina adzalandira cigawo ca kumtundaco. Manyowa a m'khola, zitosi za nkhuku ndi phulusa la pamoto ziyambe kupita kumtunda ndi pakati. Zoola zotere zipatsa fosiforasi, ndiponso zicepetsa kugwira kwa katondo. Amene adalimapo pabwinja kapena pamene padali khola aona mphamvu yace zaka zambiri zitapita.

Wogula fetereza apenye ziwerengero zitatu ziri pa thumba la wokulitsa. Capakati ndico ca fosiforasi. Mu yureya mulibe konse. Popeza iye sayenda m'nthaka, musamwaze pamwamba, koma mumkwirire pambali pa phando, kutalika kwa cala, pobzala kapena mbeu itangomera. Wothira mocedwa apeza mizu itapinimbira kale. Nandolo ndi wabwino pakatondo, pakuti mizu yace ikhoza kulanda fosiforasi kwa citsulo; koma dziwani kuti iye sapanga watsopano, angotulutsa amene alimo, ndipo mubwezere masamba ace m'nthaka.

Zonsezi nzacabe dothi likapitirira kutsika. Mizere ipingase citunda motsata akalozera, ndi kutseka mipata yace kuti madzi aime. Pa akalozera bzalani udzu wa vetiva mothithikana. Zikapita zaka zowerengeka mudzaona dothi litaunjikana kumtunda kwa udzuwo. Mapesi musatenthe pamtetete, pakuti phulusa lace lipita ndi mphepo ndi mvula yoyamba, koma muwakwirire m'mizere. Ndipo ngati munda wa mnzanu uli pamwamba pa wanu, pitani naye kwa mfumu mvula isanagwe, mupangane za akalozera a citunda conse, pakuti madzi ocokera kwa iye adzagumula mizere yanu.