Tsaya long'anima ngati mphezi

Mayi athu a ku Chipoka, kalata yanu tailandira. Mwati mwera ukakuombani patsaya mukuchapa kunyanja, ululu umang'anima ngati mphezi, mpaka mwazulitsa mano awiri koma osasintha. Pepani mayi, mwina wolakwa si dzino ayi. Kumaso kuli mtsempha wotchedwa trigeminal, ndipo ukadwala, ngakhale mbamu ya nsima imauputa.

Madokotala amayamba ndi mapiritsi a carbamazepine. Akakanika, m'zipatala zina kunja amalowetsa singano patsaya akuyang'ana pa ekisire, n'kuwotcha pang'ono mtsemphawo m'munsi mwa chigaza, osang'amba mutu. Pambuyo pake tsaya limatha kuchita dzanzi, tisakubiseni.

Musazulitsenso dzino lina. Pitani ku chipatala cha Salima akakupimeni, ndipo kukafunika akutumizani ku Kamuzu Central.