Kuteteza Mapaipi a Madzi M'nyengo ya Chisanu: Malangizo kwa Mabanja Athu Okhala ku Britain

Chisanu cha kwathu cha mu June ndi July chimathera pa juzi ndi bulangete. Cha kuno ku Britain chimalowa mpaka m'mapaipi. Kuyambira December kufika February kuzizira kumafika mpaka pa madigiri 0 ngakhale kupitirira apo, ndipo madzi amene angoima m'paipi amaundana. Akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, motero paipi, kaya ndi ya kopa kaya ya pulasitiki, imang'aluka.

Choopsa n'chakuti mng'aluwo suoneka tsiku lomwelo, chifukwa madzi oundanawo amakhala atatseka pobookapo. Kunja kukayamba kufunda m'pamene madzi amathovoka, kunyowetsa siling'i, kapeti ndi mawaya a magetsi. Ndi zimene zinachitika ku Northern Ireland kumapeto kwa December 2010: chisanu chitasungunuka mapaipi anaphulika paliponse, mabanja zikwizikwi n'kukhala masiku angapo opanda madzi.

Nkhawa yathu yaikulu ili pa inu amene mukukadyera Khirisimasi kumudzi. Tikudziwa kuti tikiti ya ndege yadya ndalama, gasi naye wakwera mtengo, ndiye mtima umati tizimitse zonse, m'nyumba mulibe munthu. Chonde musatero. Siyani boiler ikuyaka motsika, cha pa madigiri 12 kapena 13, usana ndi usiku. Ndalama ya gasi wa milungu itatu singafanane ndi yokonzetsera siling'i yogwa pamodzi ndi katundu wa anansi okhala pansi panu. Ngati ulendo ndi wautali, tsekeranitu madzi, mutsegule mipopi kuti otsala m'mapaipi atuluke, ndipo musiye kiyi kwa mbale kapena mnzanu wa kutchalitchi kuti azidzasuzumira. Werenganinso pepala la inshuwalansi, poti makampani ambiri amaika malire a masiku amene nyumba ingakhale yopanda munthu, kawirikawiri 30 kapena 60. Amene mukuchita lendi, mudziwitseni landilodi musananyamuke.

Potsekera madzi a nyumba yonse pamatchedwa stopcock. Nthawi zambiri imakhala m'kabati ya pansi pa sinki ya kukhitchini, kuseri kwa mabotolo a sopo. Ipezeni lero, osadikira kuti madzi afike m'akakolo. Imatsekeka mukaipotoza kumanja monga umayendera muvi wa wotchi. Yokhalitsa osagwidwa imalimba, choncho muziipotoza pang'ono kangapo pachaka. Amayi, abambo ndi ana osinkhuka, onse adziwe pamene ili.

Mapaipi ovutitsa ndi a m'malo osafika kutentha: kudenga, m'galaja ndi a mpopi wa panja. Avekeni timachubu ta siponji togulitsidwa m'mashopu a zomangira. N'totsika mtengo ndipo n'tong'ambiratu m'mbali, mumangolowetsa paipi. Musasiye mpata pa makona ndi polumikizira. Thanki ya madzi ya kudenga ifunditseni pamwamba ndi m'mbali, koma pansi pake musayalepo kanthu, kuti kutentha kochokera m'zipinda kuziifika. Mpopi wodontha ukonzedwe chisanu chisanayambe.

Mukatsegula mpopi m'mawa wozizira osatuluka kanthu, yambani mwafunsa anansi. Ngati iwo ali nawo madzi, paipi yanu yaundana. Tsekani stopcock, siyani mpopiwo uli chitsegulire, kenaka fundizani paipiyo pang'onopang'ono ndi thaulo lonyika m'madzi otentha kapena choumitsira tsitsi, kuyambira kufupi ndi mpopi kubwerera m'mbuyo. Moto wa lawi musayerekeze, ndipo madzi owira musathirepo. Nayo boiler ikazima yokha usiku wozizira, onani kapaipi ka pulasitiki kotayira madzi ake kunja kwa khoma. Kamaundana kawirikawiri, ndipo kuthirapo madzi ofunda kumakatsegula.

Paipi ikaphulika, tsekani stopcock, zimitsani boiler, tsegulani mipopi yonse ya madzi ozizira, tcherani ndowa. Ngati madzi ayandikira masoketi kapena magetsi a kudenga, zimitsani magetsi pa bokosi lalikulu, koma bokosilo likakhala lonyowa musaligwire. Jambulani zoonongeka pa foni kuti mukaonetse a inshuwalansi kapena landilodi, ndipo itanani pulambala wovomerezeka. Mndandanda wawo umapezeka pa intaneti ku WaterSafe mukalemba postcode yanu.