KASHEMBE WOSENZA NTHENDA NDI NG'OMBE ZATHU

Acikumbi anzathu okhala kufupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza amdziwa bwino kashembe. Kuyambira caka ca 1895, pamene David Bruce anapima mwazi wa ng'ombe zodwala ku Zululand, tidziwa kuti kashembe sapha ciweto ndi ululu wace ai, koma ndi tizirombo tosaoneka ndi maso timene asenza. Mtundu wina wa tizirombo tomweti upatsa anthu nthenda ya kaodzera. Phunziro lathu lero ndi ili: kashembe wosenza tizirombo sadya monga adyera mnzace wangwiro.

Kashembe akaluma, ayamba wathira malobvu ace m'bala, ndipo malobvuwo aletsa mwazi kuundana kuti auyamwe msanga. Akameza tizirombo ta mtundu wochedwa brucei, tiyamba takhala m'mimba mwace, ndipo atapita masabata atatu kapena kuposa tifika kumene kucokera malobvu, nitiswana komweko. M'caka ca 2010 akatswiri a ku Antwerp, m'dziko la Belgium, anapeza kuti malobvu a kashembe wotere asukuluka mphamvu, kotero kuti abvutika kupeza mwazi, nacedwa kukhuta. Tsono taganizani: ng'ombe ikamuingitsa ndi mcira iye asanakhute, apita kuti? Atera pa inzace, naboolanso, ndipo tizirombo tilowa pamodzi ndi malobvu aja.

Zotere siziri kwa kashembe yekha. M'caka ca 1914 Bacot ndi Martin anaona ku London kuti tizirombo ta mliri wa makoswe titseka njira ya cakudya m'kati mwa utitiri. Utitiriwo, pomva njala, ungoluma-luma nusanzira tiziromboto m'bala.

Timamva ena akuti, "Caka cino akashembe ngowerengeka, tiyeni tikadyetse ng'ombe kumtsinje wa m'nkhalango." Ife mau awa sitiwabvomereza. Wosenza nthenda sadziwika ndi maso, ndipo tizirombo tikafika m'malobvu mwace akhala nato moyo wace wonse. Mmodzi yekha akhoza kudwalitsa ng'ombe zingapo m'khola limodzi.

Cifukwa cace popopera mankhwala tisamale kwambiri miyendo ndi mimba ya ng'ombe, pakuti kashembe akonda kuluma pamenepo. Nsaru zobiriwira ngati thambo ndi zakuda zimene a boma aimika m'thengo zimkoka kashembe kuti afe ndi mankhwala ali pomwepo. Tisazicotse, ndipo tiwauze ana abusa kuti si zosewera nazo. Ng'ombe ikayamba kuonda ciri cidyere, nifooka pa goli, tiitane mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo kuti adzapime mwazi wace.