Kutenga ndi Kusamalira Galu Wopulumutsidwa wa Matenda Amgonagona ku Embakasi

Galu wopulumutsidwa ndi yemwe watoledwa mumsewu, walandidwa kwa mwini wankhanza kapena wasiyidwa ndi eni ake posamuka, n'kusungidwa ndi bungwe losamalira zinyama kufikira atapezeka womutenga. Mwa agalu otere, omwe amakhalitsa m'makola ndi odwala matenda amgonagona ndi olumala: wodulidwa mwendo atagundidwa ndi galimoto, wakhungu, wogontha, wakhunyu, wa shuga, wa impso zofooka, ndi nkhalamba ya nyamakazi. Anthu amathamangira tiana ta ubweya wosalala, awa n'kuwalambalala. Komatu ambiri mwa iwo amakhala zaka ndithu ali osangalala akapeza khomo loyenera. Chifundo ndicho chimatulutsa galu wotere m'khola, koma chomusunga ndi moyo ndi ndondomeko ya tsiku ndi tsiku: mankhwala pa ola lake, chakudya pa muyeso wake, ndi diso loona kusintha msanga.

Embakasi ndi dera la kum'mawa kwa mzinda wa Nairobi, komwe kuli bwalo la ndege la Jomo Kenyatta. Kalembera wa 2019 adapeza kuti kumakhala anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Ku Pipeline ndi ku Tassia kwadzaza nyumba zosanjikizana za lendi, pomwe ku Utawala ndi mbali zina za Donholm kuli makomo a mipanda. Zimenezi zimakhudza sitepe iliyonse yotsatirayi.

Choyamba: kuyeza khomo, nthawi ndi thumba

Walira mvula walira matope. Wofuna galu wodwala ayambe wawerengera matopewo asanapite kukaona agalu, chifukwa akangoonana maso ndi galu, mtima umaposa nzeru.

Ngati nyumba ndi ya lendi, chilolezo cha mwini nyumba chipezeke kaye, ndipo ndi bwino chikhale cholembedwa. Kenaka aone makwerero. Galu wa miyendo itatu kapena wa nyamakazi sangathe kutsika ndi kukwera nsanjika zisanu ndi imodzi katatu pa tsiku kukadzithandiza, choncho amayenera nyumba yapansi kapena khomo la bwalo. Aganizirenso maola ake. Amene amanyamuka m'bandakucha kuthawa mdipiti wa magalimoto a pa Mombasa Road kapena Outer Ring Road, n'kumabwera usiku, sangasunge galu wofuna jakisoni maola 12 aliwonse pokhapokha pakhomo patakhala wamkulu wina wodalirika.

Pa ndalama, afunse dokotala wa ziweto mtengo wa mankhwala a mwezi umodzi, wa kuyezetsa magazi, ndi wa ulendo wadzidzidzi, n'kuphatikizapo galimoto ya hayala, popeza maminibasi, omwe ku Kenya amati matatu, sayenera galu wodwala. Ndalama ya miyezi itatu isungidwe padera galuyo asanafike.

Chachiwiri: kupeza galu kumalo odalirika

Bungwe lodziwika kwambiri ndi Kenya Society for the Protection and Care of Animals, mwachidule KSPCA, lomwe lili ku Karen. Kuchokera ku Embakasi, njira yolambalala pakati pa mzinda ndi ya Southern Bypass. Palinso TNR Trust, yomwe imatemera ndi kutseka agalu m'madera a Nairobi komanso kufunira makomo agalu otoledwa. Ku Malawi ntchito yofanana imagwiridwa ndi LSPCA ku Lilongwe, ndipo ku Zambia ndi Lusaka Animal Welfare Society.

Mabungwe otere amafunsa mafunso ambiri, kawirikawiri amadzaona khomo, ndipo amalandira kangachepe kothandizira ntchito yawo. Zonsezi ndi chitetezo cha galu ndi cha womutenga yemwe. Wogulitsa wa m'mbali mwa msewu kapena wa pa Facebook, wofuna ndalama pa M-Pesa, njira yolipirira pa foni, galu asanaonedwe, alibe mbiri ya matenda yoti apereke, ndipo zikavuta sapezekanso.

Ndi nzeru kuyendera galuyo kawiri kapena katatu limodzi ndi onse a pakhomo, kuphatikizapo ana ndi wantchito. Ngati bungwe likulola, ayambe ndi kumusunga mongoyembekezera kwa masabata angapo asanasaine zomutenga kotheratu.

Chachitatu: kudziwa nthendayo ndi dzina lake

Mawu akuti galuyu amadwaladwala sakwanira. Womutenga atuluke ndi mayankho olembedwa a mafunso awa: dzina la nthenda, yemwe adaipeza ndi njira yomwe adayezera, mankhwala ndi mlingo wake, chakudya chomwe wazolowera, katemera yemwe walandira, ngati adafulidwa kapena kutsekedwa, ndi khalidwe lake kwa ana, amphaka ndi nkhuku.

Sabata yoyamba isanathe, galu aonedwe ndi dokotala yemwe azimuona nthawi zonse. Ku Kenya madokotala a ziweto amalembetsedwa ndi Kenya Veterinary Board, ndipo si chipongwe kufunsa ngati munthu ali m'kaundula wake. Matenda ovuta angatumizidwe kuchipatala cha ziweto zing'onozing'ono cha University of Nairobi ku Kabete, ngakhale kuli kutsidya lina la mzinda.

Pakupimako pasasowe kuyeza magazi. Agalu a mumsewu ambiri amakhala ndi ehrlichiosis, nthenda yofala ndi nkhupakupa, yomwe m'mabuku ena imatchedwa Nairobi bleeding disease, kutanthauza nthenda yotaya magazi ya ku Nairobi. Imabisala miyezi yambiri, kenaka n'kuonekera ndi kuwonda, nkhama zoyera ndi kamfuno. Mankhwala ake ndi doxycycline kwa masiku 28, ndipo kulekezera panjira galu akangooneka bwino kumaibwezeretsa. Chotupa chotuluka magazi kumaliseche, chomwe agalu amapatsirana pokwerana, chimaoneka choopsa koma chimachira ndi jakisoni wa vincristine wobaya sabata iliyonse kwa masabata angapo. Mphere nazo zimachira, ngakhale zimatenga nthawi. Kusiyanitsa nthenda yochizika ndi yongosamalira moyo wonse kumathandiza banja kudziwa chomwe likulonjeza.

Chachinayi: katemera ndi chiphaso

Galu aliyense, wodwala ndi wathanzi yemwe, amafunika katemera wa chiwewe, ndipo dokotala ndiye amasankha tsiku loyenera ngati galuyo wafooka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Dziko la Kenya lidakhazikitsa dongosolo la 2014 mpaka 2030 lothetsa imfa za anthu zodza ndi chiwewe, ndipo msana wa dongosololi ndi kutemera agalu 70 mwa 100 alionse. Mu Nairobi mulinso lamulo la 2015 loona za agalu, lomwe limafuna kuti mwini akhale ndi chiphaso cha boma la mzinda. Khadi la katemera lisungidwe pamalo odziwika, chithunzi chake chikhale m'foni.

Chachisanu: kukonza nyumba molingana ndi vuto

Wa miyendo itatu ndi wa nyamakazi amavutika ndi matailosi ndi simenti yoterera. Ziguduli kapena mphira ziyalidwe kuyambira pogona mpaka pakhomo. Miyendo yakutsogolo imasenza pafupifupi magawo 60 mwa 100 a thupi, choncho wotsala ndi mwendo umodzi kutsogolo asanenepe. Muyeso wake ndi wa m'manja: nthiti zizimveka munthu akasisita, koma zisaonekere patali. M'miyezi yozizira ya June mpaka August agone pa kamatiresi kapena bulangete lopinda, osati pasimenti.

Wakhungu amaloweza nyumba ndi mphuno ndi mapazi. Pakatha masiku ochepa amayenda kuchokera pogona kupita pambale yake osagunda kanthu, malinga mipando, ndowa ndi zigubu zisasunthidwesunthidwe. Makwerero ndi khonde lam'mwamba zitchingidwe, ndipo mbaula, yomwe ku Kenya amati jiko, isasiyidwe panjira yake. Asanagwidwe aziyamba waitanidwa dzina.

Wogontha sasokonezedwa ndi ndege zotera pafupi, koma samvanso hutala ya njinga yamoto ya kabaza, yomwe ku Kenya amati boda boda. Kunja kwa mpanda asachoke pachingwe. Amaphunzira zizindikiro za manja monga mmene anzake amaphunzirira mawu, ndipo usiku tochi imamuitana. Pomudzutsa, munthu aponde pansi mwamphamvu pafupi naye kuti amve kugwedezeka, chifukwa galu wodzidzimutsidwa amaluma.

Chachisanu ndi chimodzi: masabata oyamba

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Galu watsopano akhoza kukana chakudya, kubisala pansi pa tebulo kapena kukodza m'nyumba masiku oyamba. Apatsidwe ngodya yake yabata, alendo achepe, ndipo ana aphunzitsidwe kusamukhudza akamadya kapena akagona. Kumenya kumangowonjezera mantha. Chakudya chomwe amadya kubungwe chipitirire, ndipo chatsopano chilowe pang'onopang'ono kwa sabata imodzi. Anansi nawo adziwitsidwe za galuyo ndi vuto lake, makamaka ngati ndi wakhunyu, pakuti anthu akaona galu akuphupha thovu lili kukamwa amaganiza za chiwewe n'kutola miyala.

Chachisanu ndi chiwiri: mankhwala ndi kope

Pakhoma kapena pafiriji pakhale kope. M'menemo muzilembedwa tsiku, ola la mankhwala, yemwe wapereka, mmene galu wadyera, madzi omwe wamwa ndi chachilendo chilichonse. Kopeli limateteza kupereka kawiri kapena kuiwala, ndipo dokotala amapeza zambiri m'menemo kuposa m'kukumbukira kwa anthu.

Wakhunyu nthawi zambiri amamwa phenobarbital kawiri pa tsiku. Mankhwalawa sasiyidwa mwadzidzidzi, chifukwa kutero kumadzutsa kugwa koopsa, ndipo magazi amafunika kuyezedwa nthawi ndi nthawi poteteza chiwindi. Ena agulidwe akale asanathe.

Wa shuga amabayidwa insulin maola 12 aliwonse atangodya chakudya cha muyeso womwewo. Botolo limasungidwa m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8, osati mouma madzi. Magetsi akazima, firiji isatsegulidwetsegulidwe, ndipo akachedwa kuyaka, botolo likulungidwe m'pulasitiki n'kuikidwa mumtsuko wa madzi ozizira. Galu akakana kudya, dokotala afunsidwe jakisoni asanabayidwe. Akayamba kunjenjemera ndi kudzandira, shuga watsika: uchi upakidwe pankhama, ulendo wa kuchipatala uyambike. Agalu a shuga ambiri amachita ng'ala, choncho malangizo a galu wakhungu amadzafunika.

Wa mtima amawerengedwa mpweya ali mtulo. Kupuma kopitirira 30 pamphindi masiku otsatizana ndi chizindikiro choti aonedwe. Mankhwala a anthu opha ululu, monga ibuprofen ndi diclofenac, amaboola chifu ndi kuwononga impso za galu, ndipo asaperekedwe ngakhale pang'ono.

Chachisanu ndi chitatu: chakudya, madzi ndi nkhupakupa

Mkute wa nsima, yomwe ku Kenya amati ugali, wokha sukwanira galu wodwala. Chakudya chophika pakhomo chikhale ndi nyama, mazira kapena omena, tinsomba tofanana ndi usipa, pamlingo womwe dokotala wanena, popeza wa impso amafuna zakudya zosiyana ndi wa shuga. Anyezi, chokoleti, mphesa ndi mafupa ophika ndi zoletsedwa. Ufa kapena gaga wa chuku ndi poizoni. M'chaka cha 2004 chimanga cha chuku chidapha anthu 125 kum'mawa kwa Kenya, ndipo chiwindi cha galu sichilimba ku poizoniyu. Thumba la chakudya likhale pamalo ouma, ndipo likayamba fungo lachinyezi litayidwe.

Madzi akhale oti munthu angamwe, ndipo ayezedwe. Galu wa makilogalamu 15 amamwa pafupifupi lita imodzi pa tsiku. Akamapitirira lita imodzi ndi theka masiku angapo, impso kapena shuga ziyezedwe.

Nkhupakupa ndi utitiri zimachuluka nthawi ya mvula, March mpaka May ndi October mpaka December. Dibi wa ng'ombe wogula kusitolo ya mankhwala a ziweto, yomwe ku Kenya amati agrovet, angaphe galu akasungunulidwa molakwika. Mankhwala a amitraz sayenera galu wa shuga, ndipo mapiritsi ena amakono opha nkhupakupa amafuna kusamala kwa wakhunyu. Chisankho chikhale cha dokotala.

Chachisanu ndi chinayi: zizindikiro zosadikira mawa

Galu athamangitsidwe kuchipatala akagwa khunyu kopitirira mphindi zisanu kapena kangapo tsiku limodzi, akamabanika, nkhama zikayera kapena kuchita chikasu, mimba ikafufuma n'kulimba, akalephera kukodza, kapena akamasanza mosalekeza. Pamene akuphupha, dzanja lisalowe m'kamwa, pakuti galu sameza lilime lake. Zinthu zomupweteka zichotsedwe, nthawi iwerengedwe, ndipo wina ajambule pafoni kuti dokotala akaone. Munthu akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo atatenga khadi la katemera wa galuyo.

Chakhumi: zinthu zikasintha, ndi mapeto a moyo

Ntchito ikatha kapena mwini nyumba akasintha maganizo, galu abwezedwe kubungwe lomwe adachokera pamodzi ndi kope lake ndi mankhwala otsala. Kumutaya pamsewu ndi mlandu pansi pa lamulo la Kenya loletsa nkhanza kwa zinyama, chaputala 360, ndipo kwa galu wodalira mankhwala ndi imfa yapang'onopang'ono.

Matenda ena amafika poti mankhwala saletsanso ululu. Apa kope lija limagwira ntchito yake yomaliza. Tsiku lililonse lilembedwe ngati labwino kapena loipa, poona ngati galu wadya, wadzuka yekha, wagona tulo, ndiponso ngati wagwedeza mchira poona anthu ake. Masiku oipa akaposa abwino kwa masabata angapo, banja likambirane ndi dokotala za jakisoni womugoneka mopanda ululu. Ana auzidwe zoona m'mawu omwe angamve, ndipo munthu yemwe galuyo amamukhulupirira kwambiri akhale pambali pake, dzanja lili pamutu, mpaka dokotala atatsimikiza kuti mtima waleka kugunda. Za kukwirira kapena kutentha mtembo, dokotala yemweyo amalangiza njira yovomerezeka mumzinda.